Nthungululu ya Amayi pa Kiyi Yomaliza

Amayi anga sankatha kuyimba nyimbo mpaka kumapeto osasochera, koma nthungululu yawo aliyense kwathu ku Zakazaka, ku Zomba, ankaidziwa. Ikalira pa ukwati, ngakhale munthu wotsuka mbale kuseri kwa nyumba ankadziwa kuti mayi aja afika. Inkayambira pansi, nkukwera, nkukwerabe, ndiye pamene ukuti mpweya wawathera, inkapotoloka kamodzi m'mwamba nkuduka. Azimayi ena ankayesera kupotoloka kumeneko koma ankangothera kutsokomola. Eni akewo ankati ndi katundu yekhayo amene amayi awo anawoloka naye malire pochokera ku Mozambiki, poti mbuzi zinathera m'njira.

Ine masiku amenewo ndinali woyimba kiyibodi mu kwaya ya kutchalitchi kwathu, ndipo ndinali wamatama, ndisakunamizeni. Kiyibodiyo ndinaipeza kwa mphunzitsi wina wa ku Chirunga amene ankasamuka. Siinali ngati zinazi zongolira piyano ndi ng'oma. Inali ndi kagalasi kobiriwira pakati, pobayira maikolofoni kumbuyo, ndi kakamwa kolowetsera disiketi pambali. Ukajambula mawu alionse, kaya belu, kaya kuomba m'manja, inkawagwira nkuwaika pa kiyi imene wasankha, ndiye ukadina kiyiyo mawu aja nkutuluka. Vuto lake inali ya mimba yaing'ono. Inkalandira masekondi owerengeka basi, ndipo ukazimitsa usanasunge pa disiketi, zonse zinkapita. Ndi magetsi athu a ku Zomba aja, ndinalirapo kangapo.

Ndinajambula zinthu zambiri zopanda pake. Tambala wa aneba, musi ukugunda mu mtondo, botolo la fanta ndikuliuzira. Koma chimene mtima wanga unkafuna chinali nthungululu ya amayi. Ndinkati ndikaiika pa kiyi, kwaya yathu palibe idzaigonjetse.

Ku Zakazaka kujambula kunakanika. Ukangoti udine, chigayo chayamba. Chigayo chikaleka, mwana wa eni akulira, kapena wogulitsa makala akukuwa pamsewu. Ndiye Loweruka lina m'mawa ndinapempha malo pa lole yokatenga matabwa kuphiri, ndinakweza kiyibodi, batire la galimoto ndi kabokosi kosandutsa moto wa batire kuti ukhale ngati wa magetsi. Ndinakwezanso amayi, akudandaula njira yonse. Achemwali anga anatiperekeza.

Achemwali amenewa anali aakulu kwa ine ndi zaka zitatu, ndipo ankayimba mawu achiwiri mu kwaya yomweyo. Anali atakhala pabanja zaka zisanu ndi ziwiri opanda mwana. Amene anakhalapo m'makomboni athu akudziwa zimene mkazi wotere amamva pa mpope. Iwo sankayankha munthu. Ankangoseka, nkumanditukwana ine ndikalakwitsa kiyi.

Tinatsikira pafupi ndi mtsinje wa Mulunguzi, nkulowa m'kanjira ka m'mapaini. Poyamba ndinayala zinthu m'mbali mwa madzi, koma nditavala mahedifoni ndinangomva mtsinje wokhawokha, ndiye tinasunthira m'kati mpaka madzi atazilala. Kunkazizira, nkhungu isanachoke bwino. Amayi anakhala pa chitsa atadzikulunga zitenje ziwiri.

"Phiri lino ndasenzamo nkhuni kuyambira iwe uli kumsana," anatero. "Lero wandibweretsa kuti ndidzakuwire mitengo?"

"Amayi, ndikakweza dzanja muyambe," ndinatero, nkuwaimikira maikolofoni patsogolo.

"Ndiyambe chiyani? Akukwatira ndani kuno?"

Komabe anayesa. Inatuluka youma, yopanda kanthu, yoti ngakhale mwana wa sukulu angaichite. Ndinafufuta. Anayesanso, chimodzimodzi. Kachitatu anathera kuseka. Ine batire ndikuliona likutha, mtima unandikwera.

"Pa maukwati a eni mumachita kung'amba kukhosi," ndinawakalipira, "koma mwana wanu akapempha kanthu kamodzi, ayi!"

"Nthungululu siibwera chifukwa munthu wakweza dzanja," anandiyankha, osakwiya nkomwe.

Pamenepo achemwali anadzuka pomwe anakhala. "Iwe, tasiya kulongolola. Dina chinthu chakocho, usachotse chala." Ndinadina. Anapita kwa amayi, nkugwada pambali pawo, nkuwanong'oneza kanthu kukhutu. Ine sindinamve.

Abale, zimene zinatuluka pakamwa pa amayi! Timizere tosonyeza kukula kwa mawu pa kagalasi kaja tinathamangira kumapeto nkukakamira komweko. Inakwera, inakwerabe, inapotoloka, mbalame zinabalalika m'mitengo. Itangoduka, amayi anawagwira achemwali mutu ndi manja awiri nkumati, "Mwana wanga iwe! Mwana wanga!" misozi ili chuchuchu. Ndiye ine chitsiru, maso anga anali pa kagalasi, kuopa kuti mawu asweka. Ndinadzazindikira potsika, nditaona amayi akuwalanda achemwali chikwama nkuwaletsa kukhudza batire. Achemwali anali oyembekezera, mwezi wachinayi.

Kunyumba ndinakhala pansi kukonza mawu aja. Malo anali ochepa, ndiye ndinayenera kudula. Ndinadula kupuma kwa koyambirira. Kumapeto kunali mawu aja akuti "mwana wanga iwe," ndipo ndinawamvera kawiri katatu, kenako ndinawadulanso, poti mu nyimbo sakanakwanamo. Mpaka lero ndikakumbukira kuti ndinadula ndi dzanja langa, ndimadzida. Yotsalayo ndinaiika pa kiyi yomaliza ya kumanja, ndinasunga pa disiketi imene munali ng'oma ndi zida zonse za kwaya, nkukoperanso pa disiketi ina yapadera. Pa yapaderayo ndinalembapo ndi bolopeni kuti "Amayi," ndinaibisa m'buku la nyimbo.

Tsiku limenelo tinaseka kwambiri. Ndinaonetsa amayi ndi achemwali kuti mawu omwewo ukawatsitsira ku makiyi a kumanzere amalemera nkumachedwa. Amayi atadzimva akulira ngati ng'ombe, anandikwapula ndi chitenje. "Asa! Wanditsekera m'bokosi, ndiye ukundisandutsanso nyama?" Achemwali anaseka mpaka kugwira khoma.

Kwaya yathu inali ndi nyimbo ina yonena za kukafika kwathu kumwamba, imene achemwali ankaikonda kuposa zonse. Pothera pa kolasi yake panali kampata, ndipo m'kampata mmenemo ndi mmene ndinaika nthungululu ija. Lamulungu loyamba anthu anatembenuka kufunafuna amayi, nkuwapeza ali phee pa benchi, pakamwa potseka, akumwetulira. Tchalitchi chonse chinaphulika. Kuchokera pamenepo ndinkaidina pa mapemphero, pa maukwati, pokonzekera Lachitatu ndi Lachisanu. Miyezi isanu ikutha, kachala kanga kakang'ono ka kumanja kankapita kokha, ine mutu uli kwina.

Mwana anabadwa nthawi ya mvula, wamkazi. Achemwali anamunyamula, anamuyamwitsa, anandituma kuti ndikawatengere mabulosi a kuphiri. Patapita masiku awiri achemwaliwo anatisiya. Zimenezi sindizifotokoza zambiri, sinditha.

Maliro anachitikira pakhomo pa amayi ku Zakazaka. M'mawa wa tsiku loika, azimayi anali m'nyumba ya siwa ndi bokosi, amayi ali kumutu kwake. Azibambo tinali panja pansi pa mango. Anthu anadzaza bwalo, ena anakhala m'makhonde a aneba, ena mpaka kumsewu. A kwaya anafika atavala yunifolomu, ndipo ine ndinatulutsa kiyibodi ndi masipika.

Amalume, achimwene awo a amayi, anandikokera pambali. "Mphwanga, iwe ndiwe namfedwa. Namfedwa sagwira ntchito pa maliro. Khala pansi, anzako ayimbe pakamwa."

"Amalume, kiyibodi iyi palibe wina amaidziwa," ndinatero.

"Nanga ndati wina aigwire? Ndati ikhale."

Sindinawamvere. Ndinkati ndikulemekeza achemwali, koma zoona zake ndinkaopa kukhala pansi manja ali chete. Ndinalowetsa disiketi ya kwaya monga mwa masiku onse, kuti ng'oma zilowe. Sindinaganize nkomwe kuti china chilowa nazo limodzi.

Tinayimba nyimbo ziwiri bwinobwino. Yachitatu a kwaya anasankha ija ya achemwali, nkuiyimba pang'onopang'ono, ena akulephera kutulutsa mawu. Ine maso anali pa malo awo opanda munthu mu mzere wachiwiri. Makiyi sindinkawaona. Kolasi inafika kumapeto, kampata kaja kanatseguka, ndipo kachala kaja kanapita.

Nthungululu ya amayi inalira pa maliro a mwana wawo. Inatuluka m'masipika onse awiri, yathunthu, yachimwemwe chonse cha tsiku lija kuphiri. Inakwera, inapotoloka, inaduka. Ndinali nditachotsa kale chala, koma ndinaikonza ndekha kuti ikayamba izifika kumapeto.

Kwaya inaima. M'nyumba ya siwa kulira kunaleka. Anthu a kutali, amene sankaona kiyibodi, onse anatembenukira ku nyumba. Ndipo mayi wina wa kwawo kwa alamu anga, amuna a malemuwo, anakuwa kuti, "Mayo ine! Mayi wake akululutira maliro?"

Ndinazula chingwe, masipika anachita phuu. Ndinaimirira kuti ndinene kuti ndine, koma ndinangokhalanso pansi. Mkulu wa mpingo ndi amene anafotokoza kuti ndi makina alakwitsa. A pafupi anamva. A kumsewu, ndi alendo ochokera kumidzi amene sanaonepo chinthu chosunga mawu a munthu, anabwerera kwawo ndi zimene makutu awo anamva. Pa ulendo wa kumanda amayi anatuluka atagwiriziridwa ndi azimayi awiri, ndipo anadutsa pafupi nane osandiyang'ana.

Sabata isanathe nkhani inali paliponse. Ena ankati mayi uja anasokonezeka mutu. Ena ankanena zoipa kuposa apo, zija amanenera nkhalamba mwana akafa mosayembekezeka. Amayi akafika pa mpope, azimayi ankasiya nkhani. Mayi mmodzi yekha, Msilamu wogulitsa nsalu amene tinayandikana naye nyumba, ndi amene ankabwera tsiku lililonse kudzawathandiza kusambitsa khanda, nkumakalipira aliyense wolankhula zopusa. Kenako kunabwera uthenga wochokera kwa abale a alamu anga, wakuti mwanayo akufuna akamulere kwawo, poti sangamusiye m'manja mwa gogo woteroyo. Alamu angawo anali munthu wofatsa, ndipo chisoni chinawatha mphamvu zotsutsana ndi abale awo.

Amalume anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse. Anakhala pakhonde masana, amayi ali pamphasa, khanda lili pamiyendo. Atakambirana nthawi yaitali osamvana, amalume anatembenukira kwa ine. "Katenge chinthu chija. Anthuwa amve ndi makutu awo, aone ndi maso awo kuti mlongo wanga pakamwa ndi potseka."

Ndinayang'ana amayi. Anangoti, "Katenge."

Ndinailumikiza, ndinalowetsa disiketi, tonse tikumvera kulira kwake ikuwerenga. Ndinadina. Nthungululu inalira pakhonde paja, amayi atatseka pakamwa ndi maso omwe, atakumbatira mwana. Nkhoswe ya kuchimuna inadzidzimuka, nkundiuza kuti ndidinenso. Ndinadinanso. Inabwera pafupi, inasuzumira kumbuyo kwa kiyibodi, nkupempha kuti idine yokha. Katatu konse amayi anamva chimwemwe chawo chikubwerezedwa ngati umboni pa mlandu. Pomaliza nkhosweyo inavula chipewa nkupepesa. Mwana anatsala kwathu.

Alendo atapita, ndinayamba kupinda zingwe. Amayi anati, "Usazimitse." Anamupereka mwana kwa mayi wa nsalu uja, nkubwera kudzaima pafupi ndi kiyibodi, chinthu chimene sanachitepo.

"Chotsamo mawu anga."

"Amayi..."

"Ndati chotsamo. Ndikuona."

Ndinafufuza dzina lake pa kagalasi, ndinasankha kufufuta. Makinawo anandifunsa ngati ndatsimikiza. Ndinavomera. Ndinafufutanso pa disiketi ya kwaya. Kenako ndinadina kiyi yomaliza ija kuti aone, ndipo sinatulutse kanthu.

"Palibenso kwina?" anafunsa.

Apa ndiye ndinayesedwa. Disiketi ina ija inali m'buku la nyimbo, ndipo palibe ankaidziwa. Ndikanati palibe, akanakhulupirira. Ndinkadziwa kuti mmenemo muli tsiku lokoma kuposa onse amene banja lathu linaona, ndipo silidzabweranso. Koma ndinali nditawapweteka kokwanira. Ndinalowa m'chipinda, ndinaitenga, nkuwapatsa ndi manja awiri. Anaitembenuza uku ndi uku, anaimanga pa nsonga ya chitenje, nkupita kuseri kumene kunali mbaula. Sindinawatsatire. Ndinadziuza kuti yapsa.

Amayi sanaimbenso nthungululu. Mdzukulu wawo atayamba kuyenda, anangoomba m'manja. Pa ukwati wanga anavina pang'ono, pakamwa potseka. Mtsikanayo atakhoza mayeso kupita ku sekondale, azimayi a mpingo anadzaza bwalo ndi nthungululu, iwo ali pakati akungogwedeza mutu. Anthu anaiwala miseche ija, ena anabwera kudzawaitanira ku maukwati, koma ankakana mwaulemu. Ine sanandide. Ankandiphikira, ankandikalipira ndikachedwa kumeta, ankalera ana anga. Tsiku lina tili awiri ndinagwada nkunena kuti, "Amayi, ndinakulakwirani." Anangoti, "Ndamva. Kanditungire madzi." Sitinaikambenso.

Kiyibodi ndinapitiriza kuyimba, poti ndi ntchito imene ndimaidziwa, koma sindinajambulenso mawu a munthu. Ndinadzagula ina yatsopano yosafuna madisiketi, yakaleyo ndinaikankhira pansi pa bedi.

Amayi anamwalira mdzukulu wawo uja ali wamkulu, atatomeredwa kale. Titatha kumeta, ine ndi iye tinatsegula sutikesi yawo yachitsulo kuti tigawe zovala. Pansi penipeni panali duku la kwaya la achemwali, lomangidwa mfundo. Mtsikanayo anamasula. Munali disiketi ija, dzina lija ndinalemba ndi bolopeni likuonekabe.

"Amalume, ichi nchiyani?" anandifunsa.

Ndinakhala pansi pa simenti. Zaka zonsezi anaisunga! Ndinamufotokozera zonse, kuyambira pa lole ya matabwa. Nkhani ya pa maliro anali ataimvapo kwa anthu, koma za kuphiri ayi. Sankadziwa kuti agogo ake anali ndi nthungululu yotchuka chotero, poti iye chibadwire sanaimvepo. Ndinamuuza kuti, "Imene ili umu inali yako. Anaimba tsiku limene anamva kuti ukubwera."

"Ndiye ndiimve, amalume. Chonde."

Tinasolola kiyibodi yakale pansi pa bedi, tinaipukuta fumbi, ndipo inayaka. Ndinalowetsa disiketi. Inalira kwee, kwee, nkuima. Kagalasi kanati sikangathe kuwerenga. Ndinaitulutsa, ndinasuntha kachitsulo kake nkusuzumira m'kati, ndinaona nkhungu yoyera itamera pa kambale kakudako. Chinyezi cha ku Zomba chinali chitailowa kalekale. Ndinayesa kakhumi. Mawa lake ndinapita nayo kwa okonza makompyuta ku Chirunga, anaiyang'ana ngati chinthu chofukulidwa pansi, anayesa, anandibwezera. Mtsikanayo anandifunsa kuti inkamveka bwanji. Ndinatsegula pakamwa, ine bambo wa imvi, koma ndikanamuonetsa bwanji? Ndinangokweza dzanja m'mwamba nkulipotoza, basi.

Ukwati wake unachitika chaka chotsatira, mu tchalitchi chomwe chija. Anandipempha kuti ndiyimbe kiyibodi, ndipo anasankha yekha nyimbo ija amayi ake ankaikonda. Ndinamuuza kuti nyimbo imeneyo ndinaisiya kalekale, iye anati ayi, ndi yomweyo. Duku lija analimanga ku maluwa ake, disiketi ili momwemo.

Kolasi itafika kumapeto, kampata kaja kanatseguka. Kachala kanga kananyamuka kokha, patapita zaka zonsezo, ndipo ndinakagwira ndi dzanja linalo. Azimayi anadzaza tchalitchi ndi nthungululu, zambiri, zokoma ndithu. Ndinamvetsera mpaka yomaliza, kudikira imodzi yoti ipotoloke m'mwamba. Panalibe. Mkwatibwi anatembenuka kundiyang'ana, nsidze zili m'mwamba, kundifunsa ngati inali yotero. Ndinapukusa mutu.

Ndinalira pamenepo, manja ali pa makiyi, osabisa. Anthu anaona misozi yanga nkumati amalume ake akondwa zedi lero. Sindinawatsutse.